Chingerezi m'maso mwa wolankhula Chitchaina

Chaka ndi chaka, pa 7 June, m'mizinda ya ku China apolisi amatseka misewu ina, omanga nyumba amauzidwa kuti aleke phokoso, ndipo makolo amaunjikana pazipata za sukulu kudikira ana awo. Ndi tsiku loyamba la gaokao, mayeso olowera ku yunivesite. Mu 2024 olembetsa mayesowa anali oposa 13 miliyoni. M'zigawo zambiri malikisi onse ndi 750, ndipo 150 mwa amenewa ndi a chilankhulo chakunja, chomwe kwa pafupifupi aliyense ndi Chingerezi. Ndiye kuti Chingerezi chikulemera chimodzimodzi ndi masamu, chimodzimodzinso ndi Chitchaina chenichenicho. Mwana wolowa m'chipinda cha mayesowo amakhala atachiphunzira zaka pafupifupi 10, popeza mu 2001 unduna wa zamaphunziro unalamula kuti chiziyambira m'kalasi yachitatu ya pulayimale.

Zaka 10 si masewera. Nanga bwanji mwana yemweyo, amene angakufotokozereni mwatsatanetsatane kusiyana kwa "has gone" ndi "had gone", akatsegula pakamwa amangoti "Yesterday he go to town"? Bwanji akafika ku yunivesite ya ku London kapena ku Sydney tsamba limodzi la buku limamudyera nthawi yaitali, chonsecho mawu ambiri a patsambapo amawadziwa? Eni ake vutoli analipatsa dzina loti yaba Yingyu, Chingerezi cha munthu wosalankhula. Dzinali likubisa theka la nkhani, chifukwa likuonetsa ngati vuto lili pakamwa pokha, kuwerenga kuli bwinobwino. Kuona kwanga n'kwakuti vuto la pakamwa ndi la maso ndi limodzi. Malamulo a galamala alimo m'mutu, koma sanafike poti maso aziwagwiritsa ntchito okha, munthu osaima kaye n'kuganiza.

Chingerezi sichinafike dzulo ku China. Mu 1862 boma la mafumu a Qing, litagonja pankhondo ndi Angerezi ndi Afalansa, linatsegula sukulu ya Tongwen Guan ku Beijing kuti likhale ndi omasulira akeake. Chikomyunizimu chitalowa mu 1949, Chirasha ndicho chinatenga malo, mpaka mu 1964 pomwe boma linabwezera Chingerezi patsogolo. Chipwirikiti cha zaka za 1966 mpaka 1976 chinasokoneza sukulu zonse, koma gaokao itabwerera mu 1977 ludzu la Chingerezi linabuka: mu 1982 anthu miyandamiyanda ankatsatira pulogalamu ya BBC yotchedwa Follow Me pa wailesi yakanema, ndipo mu 1987 kunayamba mayeso a CET-4 a ophunzira a m'mayunivesite. M'nyengo zonsezi chakhala chilankhulo cha pa pepala, chophunziridwa ndi anthu amene sakumana nacho pamsika, m'basi kapena ku ofesi ya boma.

Tiyambe ndi mneni, poti ndi pomwe pagona nkhani. Mneni wa Chimandarini, chomwe ndi Chitchaina cha m'sukulu, sasintha. Mawu oti chi, kudya, amakhala chi basi, kaya wakudyayo ndi ine kapena iwo, kaya ndi dzulo kapena mawa. Ife a Chichewa izi zingatidabwitse, chifukwa mneni wathu amasenza zonse: ndinadya, tikudya, adzadya, mukanadya. Tinazolowera kusuzumira m'kati mwa mneni kuti tidziwe wochita ndi nthawi. Mtchaina sasuzumiramo, poti mulibe kanthu. Nthawi amaipeza m'mawu ngati zuotian, dzulo, kapena mingtian, mawa, kapenanso m'mene nkhani ikuyendera. Timawu monga le, guo ndi zhe tilipo, koma ntchito yake ndi kusonyeza ngati chinthu chatha, ngati munthu anachichitapo, kapena ngati chikupitirira, osati kuti chinachitika liti. Wophunzira amene amatenga le ngati "-ed" wa Chitchaina amasochera msanga, chifukwa le amapezekanso m'chiganizo chonena za mawa, monga pouza mnzako kuti akamaliza kudya ndiye anyamuke.

Dzina nalo silisintha. Buku limodzi ndi yi ben shu, mabuku atatu ndi san ben shu, shu sanasunthe. Nambala yanena kale kuti ndi angati, ndiye kwa Mtchaina "-s" wa mu "three books" akungobwereza zonenedwa kale. "A" ndi "the" kulibe, ndipo apa vuto lawo ndi lathu lomwe. N'chimodzimodzi "he" ndi "she": polankhula onse ndi ta, monga kwathu onse ali iye. Chilembo chapadera cha munthu wamkazi chinafala cha m'ma 1920, mlakatuli Liu Bannong atachilimbikitsa, koma khutu silimva kusiyana kulikonse. N'chifukwa chake ngakhale katswiri wolemba Chingerezi chosalala amatha kunena kuti "my wife, he" nkhani ikafika pokoma.

Tsoka lake n'lakuti timichira ta Chingerezi timeneti timakhala pamalo pomwe khutu la Chimandarini siliyembekezera kanthu. Phatikizo la Chimandarini limathera ndi lembo la liwu, kapena ndi n, ng, nthawi zina r. Silithera ndi k, t kapena s, ndipo mulu wa malembo opanda liwu ngati wa mu "asked" kapena "texts" kulibiretu. Ife tinathana nazo powonjezera liwu, n'kukhala ndi desiki ndi bokosi. Mtchaina amachita zomwezo, apo ayi amangodula. Olankhula Chikantoni a ku Guangzhou ndi Hong Kong ali nawo p, t ndi k kumapeto, koma amangowatsekera m'kamwa osawatulutsa. Choncho kamchira kamodzimodziko kali ndi adani awiri: galamala ya kwawo ikuti n'kopanda ntchito, khutu nalo silikukamva.

Donna Lardiere wa ku yunivesite ya Georgetown anatsatira kwa nthawi yaitali mayi wina wolankhula Chitchaina, yemwe m'zolemba zake anamupatsa dzina lobisa loti Patty. Pomwe ankayamba kumujambula mawu, mayiyu anali atakhala ku America zaka 10, ataphunzira ku yunivesite komweko, ndipo Chingerezi chinali cha tsiku ndi tsiku. Pa aneni ofunika kusonyeza nthawi yakale, iye ankasonyeza mmodzi yekha mwa atatu aliwonse, ndipo patatha zaka zina zoposa 8 chiwerengerocho sichinasunthe. Mayi yemweyo sankaphonya kusiyanitsa "they" ndi "them" kapena "I" ndi "me". Si galamala yonse yomwe inamukanika ayi.

Kafukufuku amene amandigwira mtima kwambiri ndi wa Nan Jiang wa mu 2004, chifukwa ndi wokhudza kuwerenga kwenikweniko. Anthu ankawerenga ziganizo pa kompyuta, liwu limodzilimodzi, makina n'kumayeza nthawi yomwe aliyense akutenga pa liwu lililonse. Ziganizo zina zinali ndi cholakwa pa umodzi ndi unyinji, dzina ndi mneni osagwirizana. Eni Chingerezi akafika pamalo olakwikawo ankazengereza pang'ono. Matchaina odziwa bwino Chingerezi ankangodutsa. Komatu anthu omwewo akapatsidwa mayeso a pa pepala lamulolo ankalidziwa, ndiponso zolakwa za mtundu wina, monga mneni wotsatiridwa ndi mawu osayenera, zinkawaimitsa. Lamulo linali m'mutu, koma powerenga silinkadzuka.

Wina angati, nanga zili ndi kanthu? Ngati tonse tamva kuti "three book" ndi mabuku atatu, kamchirako n'kachiyani? Pamsika zilibedi kanthu. M'buku la zamalamulo kapena la sayansi zili ndi kanthu kwambiri, chifukwa kumeneko timichira ndi timene timanena amene wachita ndi amene wachitiridwa. "The firm buying the land" ndi kampani yogula. "The firm bought last year" ndi kampani yogulidwa. Mu "The workers dismissed in May have appealed", wowerenga amene watenga "dismissed" ngati mneni wamkulu aganiza kuti antchitowo ndiwo anachotsa munthu, ndipo akafika pa "have" asowa kolowera n'kubwerera kumayambiriro. "Few members agreed" ndi "a few members agreed" zasiyana ndi lembo limodzi lokha, koma choyamba chikudandaula kuti ogwirizana nazo anachepa, chachiwiri chikuti analipo ndithu. Mu "Had the minister signed, work would have begun" mulibe funso, ndipo ndunayo sinasaine. Kubwerera m'mbuyo kotereku, kangapo pa ndime iliyonse, ndiko kumatha nthawi ndi mphamvu, mpaka munthu amafika pansi pa tsamba ataiwala za pamwamba.

Koma apa tichenjere, tingapitirire malire. Mu 1981 Alfred Bloom analemba buku lonena kuti, poti mneni wa Chitchaina alibe kapangidwe kapadera konenera zomwe zikanachitika koma sizinachitike, eni ake amavutika kuganiza motero. Patangotha zaka ziwiri Terry Au anasonyeza kuti nkhani zomwe Bloom anayesera anthu zinali m'Chitchaina chopotoka. Zitalembedwa bwino, Matchaina anayankha mosavuta. Kusiyanaku kuli m'chizolowezi cha maso ndi khutu, osati m'nzeru.

Tikafika pa chiganizo chathunthu, nkhani ndi ya kayalidwe ka mawu. M'Chitchaina chilichonse chofotokoza dzina chimabwera dzinalo lisanatchulidwe. Ife timati buku limene ndinagula dzulo, ndipo Mngerezi amayala mawu ake chimodzimodzi. Mtchaina amati wo zuotian mai de shu, kuyamba ndi ine, dzulo, kugula, buku n'kubwera pomaliza. Akangomva dzina amadziwa kuti kufotokoza kwatha. Chingerezi ndi pomwe chimayambira: dzina, kenako "which", kenako "who", kenako "whose", mneni wamkulu n'kudzapezeka pa mzere wachitatu. Mu 1974 Jacquelyn Schachter anawerenga zimangirizo za ophunzira a zilankhulo zinayi, n'kupeza kuti olankhula Chitchaina ndi Chijapanizi ankalakwitsa mocheperapo nthambi zoterezi poyerekeza ndi olankhula Chiarabu ndi Chiperisiya. Atawerengetsa bwino anaona chifukwa chake: ankazilemba mwa apo ndi apo, theka la zomwe anzawowo ankalemba kapena kucheperapo. Ankazizemba. Mphunzitsi wongowerenga zolakwa angaganize kuti pamenepa palibe vuto, chonsecho ndi pomwe lakula. Ndipo kuzemba kumatheka polemba pokha. Powerenga, chiganizo wina anachilemba kale, uyenera kudutsamo basi.

Aphunzitsi a ku China amalidziwa vutoli, ndipo amalitcha changnanju, ziganizo zazitali ndi zovuta. M'masitolo muli mabuku athunthu a zimenezi, makamaka a okonzekera kaoyan, mayeso olowera maphunziro a digiri yachiwiri. Njira yake ndi kusaka mwininkhani ndi mneni wamkulu, kuika zina zonse pambali, kenako n'kumazibwezera chimodzichimodzi. Pali aphunzitsi amene amainyoza njirayi kuti ndi yachikale. Ine sindiinyoza. Munthu amene chilankhulo chake chimayala mawu mosemphana ndi Chingerezi ayenera kuonetsedwa poyera momwe chiganizo chamangidwira. Cholakwika n'kuganiza kuti wadziwa kuphwanya chiganizo wadziwa kuwerenga.

Pali zina zing'onozing'ono zochokera ku gwero lomweli, ndipo zambiri sizachilendo kwa ife. Chitchaina chimakonda kuyamba ndi mutu wa nkhani kenako ndemanga, monga tikamati nyumba ija denga likudontha, ndipo wochita satchulidwa ngati akudziwika kale. M'Chingerezi zimatuluka ngati "This problem must solve quickly". Alumikizi amayenda awiriawiri, suiran ndi danshi, monga ife timanenera kuti ngakhale wadwala koma wapita, ndiye "although" amakoka "but" pambuyo pake. Ziganizo zimatsatizana ndi mpatuliro wokha, zomwe katswiri wa galamala Lü Shuxiang anazitcha ziganizo zoyenda ngati madzi. M'Chitchaina n'zokoma, m'Chingerezi mphunzitsi amazilemba ndi cholembera chofiira. Ndipo mukamufunsa kuti "You haven't eaten?" iye n'kuyankha "yes", akutanthauza zomwe mwana wa ku Dedza angatanthauze: eee, sindinadye.

Kunena za malembo, apa ndiye tasiyana nawo kutali. Mwana wa ku China amaphunzira zilembo zomwe chilichonse chimaimira phatikizo lathunthu ndi tanthauzo lake. Mndandanda wa boma wa mu 2013 uli ndi zilembo 8,105, ndipo 3,500 zoyambirira ndizo za tsiku ndi tsiku. Si zithunzi monga ambiri amaganizira, popeza zochuluka zili ndi kachigawo kolozera katchulidwe. Komabe palibe chilembo choimira k payekha kapena s payekha. Mu 1986 Charles Read ndi anzake a ku Beijing anapeza kuti akuluakulu odziwa zilembo zokhazi ankalephera kuchotsa kapena kuwonjezera kamvekedwe kamodzi, monga s, kumayambiriro kwa mawu olankhulidwa, pomwe odziwa pinyin ankatha. Pinyin ndi kalembedwe ka Chimandarini m'malembo a Chilatini, kovomerezedwa mu 1958, komwe ana amayamba nako sukulu; ku Taiwan amagwiritsa ntchito zizindikiro zina zotchedwa zhuyin. Ku Hong Kong ana ambiri anakula opanda chilichonse mwa ziwirizi, ndipo mu 1996 Alison Holm ndi Barbara Dodd, poyesa ophunzira a pa yunivesite ku Australia, anapeza kuti a ku Hong Kong ankawerenga bwino mawu a Chingerezi omwe ankawadziwa kale, koma ankavutika kwambiri ndi mawu ongopeka omwe sanawaonepo, pomwe ophunzira pinyin ankawatha.

Wozolowera kugwira liwu ndi maonekedwe ake amalowetsa "though", "through", "thorough" ndi "thought" m'thumba limodzi, ndipo sipelo amailoweza potchula mayina a malembo mmodzimmodzi mpaka italowa. Pinyin imathandiza, komanso imapusitsa: he, she, me ndi die onse ndi maphatikizo a pinyin okhala ndi katchulidwe kena, ndipo q, x ndi c amamveka mosiyana kwambiri ndi m'Chingerezi. Liwu lomwe munthu sangalitchule mumtima ndi lovuta kulisunga, ndipo akakumana nalo m'kati mwa chiganizo chachitali limamulanda mpata womwe ukanapita ku tanthauzo.

Kuchuluka kwa mawu ndi nkhani ina yosazembeka. Mfalansa amayamba Chingerezi atapatsidwa kale mawu zikwi zingapo aulere. Ngakhale ife tili ndi pogwira: kompyuta, injini, sukulu. Chitchaina sichikonda kubwereka, chimamanga mawu akeake kuchokera ku zilembo zomwe chili nazo kale. Kompyuta ndi diannao, ubongo wamagetsi. Sitima yapamtunda ndi huoche, galimoto yamoto. Mwana wozolowera mawu oonekera m'kati chonchi akakumana ndi "ophthalmologist" amangoti kakasi, pokhapokha wina atamuonetsa kuti mawu a Chingerezi nawonso ali ndi zidutswa, za Chigiriki ndi za Chilatini. Paul Nation wa ku New Zealand anawerengetsa mu 2006 kuti pamafunika mabanja a mawu 8,000 mpaka 9,000 kuti munthu adziwe mawu 98 mwa 100 alionse a m'nyuzipepala kapena m'buku la nthano, womwe ndi mlingo woti n'kuwerenga popanda dikishonale. Mndandanda wa gaokao uli ndi mawu pakati pa 3,000 ndi 3,500, wa CET-4 pafupifupi 4,500. Kawerengedwe kake n'kosiyana ndi ka Nation, komabe mpatawo ukuonekeratu. Ophunzira amayesa kuutseka ndi bei danci, kuloweza mawu motsatira afabeti, liwu lililonse ndi tanthauzo lake la Chitchaina pambali. Ndipo m'mayunivesite muli nthabwala yoti liwu lomwe aliyense amalidziwa bwino ndi "abandon", poti lili patsamba loyamba ndipo ambiri amasiyira pomwepo.

M'kalasi, phunziro lalikulu lakhala jingdu, kuwerenga mozama. Nkhani ya tsamba limodzi kapena awiri imatha kutenga sabata yathunthu, mphunzitsi akuitenga chiganizo ndi chiganizo, kumasulira, kufotokoza galamala m'Chitchaina, ana akulemba. Mnzake wa jingdu ndi fandu, kuwerenga zambiri mopepuka, koma ameneyu ndiye amayamba kutayidwa mayeso akayandikira. Chaka chomaliza cha sekondale ndi cha shuati, kugaya mafunso a mayeso usana ndi usiku. Pepala la dziko lonse la gaokao lili ndi nkhani zazifupi zinayi za mafunso osankha yankho, ina yochotsedwamo ziganizo 5 zoti uzibwezere posankha mwa 7, ndi zina zodzaza mipata. Ana amaphunzira kuyamba ndi funso, kusaka m'ndime liwu lofanana nalo, n'kuwerenga ziganizo zoyandikana nalo. Ndi luso ndithu, ndipo limabweretsa malikisi. Koma si zachilendo kupeza wokhoza bwino amene sanawerengepo buku la Chingerezi kuchokera pachikuto mpaka kumapeto. Zomwe Jiang anapeza zija zikumveka apa: maso sangazolowere "-s" ndi "-ed" ngati nthawi zonse akuwerenga mophwanya kapena mosaka yankho, osatsatirapo nkhani yaitali pa liwiro lake.

N'kosavuta kuloza chala mayeso ndi kuloweza, ndipo ambiri amathera pomwepo. Mlanduwu sungagamulidwe choncho. Gaokao, ndi zolakwa zake zonse, ndi khomo lomwe mwana wa mlimi angalowere ku Peking University kapena ku Tsinghua popanda wachibale waudindo. Mafunso osankha yankho amachongeka mofanana kwa anthu mamiliyoni, pomwe mayeso odalira pakamwa angakomere ana a ku Shanghai okhala ndi aphunzitsi akunja. Kulowezanso si uchitsiru. Ding Yanren wa ku yunivesite ya Nanjing atacheza ndi ophunzira atatu omwe anapambana mipikisano ya dziko lonse ya kulankhula Chingerezi, iwo anatchula kuloweza nkhani zathunthu ndi kutsanzira mawu ojambulidwa monga njira yomwe inawathandiza kwambiri. Mibadwo ingapo yaloweza nkhani za mu New Concept English ya L. G. Alexander. Taonani kusiyana kwake: woloweza nkhani yathunthu mokweza mawu amaloweza timichira tonse, "a" ndi "the" ali m'malo mwawo, pamodzi ndi kamvekedwe kake, pomwe woloweza mndandanda amaloweza mawu ali okhaokha. Funso si lakuti aloweze kapena ayi, koma kuti akuloweza chiyani.

Zinthu sizinaime. Mu 2016 chigawo cha Zhejiang chinayambitsa funso latsopano pa gaokao, duhou xuxie: wophunzira amawerenga nthano yodulidwa pakati n'kuimaliza yekha m'ndime ziwiri. Amene analimbikitsa kwambiri njirayi ndi Wang Chuming wa ku Guangdong University of Foreign Studies, ndipo funsoli lafalikira m'zigawo zambiri. Kwa ine ndiko kusintha kwanzeru kuposa kwina konse, chifukwa sungamalize nthano yomwe sunaimve, ndiponso sungaimalize bwino osaona kuti ikusimbidwa m'nthawi yakale. Ogulitsa mabuku sanachedwe kutulutsa ziganizo zoloweza zonena za misozi ndi kumwetulira, komabe mwanayo ayenera kuwerenga nthano yonse. Mbali inayi, mu July 2021 boma linaletsa makampani kupanga phindu pa maphunziro apadera a ana a pulayimale ndi sekondale yoyambirira, ndipo New Oriental, kampani yomwe Yu Minhong anayambitsa mu 1993, inachotsa antchito 60,000 chaka chomwecho. Ndondomeko ya maphunziro ya mu 2022 inapatsa chilankhulo chakunja magawo 6 mpaka 8 pa 100 alionse a nthawi ya m'kalasi. Nthawi ikachepa chonchi, zomwe mwana amawerenga ali kunyumba ndizo zimasiyanitsa, ndipo apa wa m'tauni wokhala ndi shelefu ya mabuku wamusiya kale wa kumudzi.

Mankhwala ake si achilendo, ndi otopetsa chabe. Mu 1983 Warwick Elley ndi Francis Mangubhai anafotokoza zomwe zinachitika atadzaza mabuku a nthano m'sukulu za kumidzi ku Fiji: ana anapita patsogolo pa kumvetsa nkhani, ndipo m'kupita kwa nthawi ngakhale pa galamala, kuposa anzawo ophunzira mwa masiku onse. Ku China mabuku ofewetsedwa alipo, monga a Shuchong omwe kampani ya FLTRP imasindikiza mogwirizana ndi Oxford, ngakhale kuti Chitchaina chomwe amachiika pambali chimakopa maso aulesi. Buku liyenera kukhala losavuta mpaka wowerenga achite nalo manyazi, ndipo kwa wolankhula Chitchaina n'kofunika kwambiri kuti aziwerenga akumvetsera mawu ojambulidwa, kuti kamchira komwe diso likulumpha khutu likagwire. Galamala isatayidwe, koma isinthe ntchito. Bill VanPatten anaonetsa kalekale kuti wophunzira akapeza nthawi m'liwu ngati "yesterday" sayang'ananso mneni. Ndiye mphunzitsi achotse "yesterday", apereke "She walks home" ndi "She walked home", n'kufunsa kuti ndi uti amene amachita zimenezi masiku onse. Pamenepo kamchira ndi kokhako konyamula yankho, ndipo diso limakakamizika kuimapo. Zimenezi n'zosiyana ndi kudzaza mpata pa mayeso, pomwe funso lakuuza kale kuti apa ndi pa galamala, dzuka.

Chiyambire pomwe Malawi anakhazikitsa ubale ndi boma la Beijing kumapeto kwa 2007, achinyamata athu ambiri apita kukaphunzira ku China, ndipo ena amapezeka akuthandiza anzawo a kumeneko Chingerezi, kapena akugwira ntchito ndi Matchaina konkuno ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, musayambe ndi kumufotokozera mnzanuyo lamulo la nthawi yakale, poti mwina amalinena bwino kuposa inu. Mufunseni buku la Chingerezi lomwe analiwerengapo mpaka kumapeto. Akati palibe, mupezereni losavuta, lokhala ndi mawu ojambulidwa, ayambe sabata yomweyo.